Kawaya ka pa Chogwirira Chofiira

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze ndi kalata. Anandipezera ndi pakamwa mayi anga aang'ono, Abiti Kasimu, amene anandilera mayi atamwalira. Nthawi imeneyo n'kuti nditamaliza maphunziro a zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja, pepala lili phee m'chikwama, ine ndikutumbula nsomba padoko pathu, kutsidya kwa nyanja, pamsewu wopita ku Makanjira. Itabwera kampani yoika magetsi a dzuwa, inaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu n'kunena kuti ikufuna munthu wa komweko woti azisamalira makina. Azibambo anayamba kutchula mayina a adzukulu awo, ena oti ngakhale babu sanasinthepo. Abiti Kasimu, amene anali wapampando wa gulu la amayi ogula nsomba, anaimirira osadikira kupatsidwa mpata.

"Mwana wophunzira zamagetsi tili naye, ndi Patuma. Akalakwitsa mudzafunse ine."

Mawu omalizawo ndinawatenga ngati ongokometsera. Lolemba lotsatira ndinalandira ovolosi yondikulira, nsapato zolemera ndi makiyi atatu.

Mapanelo anawayala pamunda wakale wa chinangwa, mizere khumi ndi iwiri. Pambali pake panali kanyumba ka mabatire ndi mainveta, makina osintha ndi kugawa magetsiwo, ndipo kuchokera mmenemo magetsi ankatuluka njira zitatu. Waya woyamba unkapita m'mudzi, kunyumba za anthu, kumsika, kumzikiti ndi kutchalitchi. Wachiwiri unkatsikira kudoko, kumene kunali makina oumba ayisi ndi chipinda chozizira chosungiramo nsomba. Wachitatu unali waufupi, unkangolowa mu kontena yoyera imene inali mumpanda momwemo. Mu kontenamo munali makina makumi awiri ndi anayi, ofanana kukula ndi batire la lole, atandandalikidwa pamashelefu achitsulo, mafani akulira kutsogolo ndi kumbuyo.

Amene ankandiyang'anira anali a Nyirenda, injiniya wokhala ku Lilongwe, munthu wofulumira polankhula ndi poyenda. Tsiku loyamba anandikokera kunja kwa mpanda kuti timvane, chifukwa pafupi ndi kontena munthu sungamve mnzako. Anati makinawo amapikisana ndi anzawo a padziko lonse kulosera manambala, ndipo akagwetsa nambala yoyenera kampani imalandira kachidutswa ka ndalama ya pa intaneti, ija amati bitikoyini. Ndalama imeneyo sindinaionepo ndi maso mpaka lero. Chimene ndinaona ndi kudya kwa makinawo. Amodzi okha ankameza magetsi ngati ketulo ndi simbi zoyatsidwa pamodzi osazimitsa, ndiye muwerengere makumi awiri ndi anayi. A Nyirenda anati kumayiko ena makina otere amadzaza nyumba zazikulu ngati zosungiramo fodya, akudya magetsi ochokera ku malasha usana ndi usiku, n'chifukwa chake anthu amawada.

"Kuno n'zosiyana," anatero. "Masana dzuwa la kuno limatipatsa magetsi oti mudzi sungawamalize. Mabatire akadzaza, otsalawo amangotayika. Makinawa amadya otayikawo, ndipo zimene apeza n'zimene zikuchititsa kuti magetsi a m'mudzi akhale otchipa. Mudzi umadya kaye, iwo amadya zotsala."

Ndinakhulupirira, ndipo mpaka pano ndimaona kuti ganizolo linali labwino. Pakhoma la kanyumba ka mabatire panali kabokosi kolamulira, kolumikizidwa ku netiweki ya foni. Mabatire akadzaza, kabokosiko kankayatsa makina pang'onopang'ono. Mtambo ukaphimba dzuwa kapena mudzi ukayamba kukoka kwambiri, kankawazimitsa. Anthu a kwathu zonsezi analibe nazo ntchito. Iwo kontenayo anaipatsa dzina loti chigayo chosagaya, chifukwa inkalira tsiku lonse koma palibe anatulukamo ndi ufa.

Ntchito yanga inkayamba dzuwa lisanakwere. Ndinkatsuka mapanelo ndi mopu wa ndodo yaitali ndi madzi a pamjigo, mzere ndi mzere, chifukwa galasi likatentha silithiridwa madzi ozizira. Ndikatero ndinkavala zotseka m'makutu n'kulowa mu kontena, kuchotsa nsalu zosefera fumbi, kuzikutumula, kuuzira makina ndi bulowa, kumvetsera fani imene yayamba kukhwekhwereza. Ndinkayeza voteji ndi mita, kuona kutentha pa laputopu, kenako kujambula n'kutumiza kwa a Nyirenda pafoni. Mu Okutobala kuseri kwa kontena, kumene kunkatulukira mpweya wotentha, mpango wochapa unkauma ndisanamalize kumwa tiyi. Amayi ena anapempha kuti aziyanikako usipa. A Nyirenda anakana, ati ntchentche ndi mamba zilowa m'mafani.

Pafupi ndi chitseko cha kontena panali chogwirira chofiira, chachikulu ngati mpini wa mpeni wa kudoko. Ukachitsitsa, kontena yonse inkazima. Pachogwirirapo anamangapo kawaya kopyapyala kokhala ndi kachidindo ka mtovu, koti sungatsitse osakadula.

"Ichi ndi changa," anatero a Nyirenda tsiku loyamba lomwelo. "Musachikhudze pokhapokha nditanena ine."

Mwezi wachiwiri ndinalakwa. Fani ya makina amodzi inasweka phiko, ine n'kuzimitsa buleka ya makinawo ndekha kuti ndiisinthe, osayamba ndaimba foni. Mphindi khumi zisanathe foni inalira. Eni makinawo anali kunja kwa dziko, koma anali ataona kale pakompyuta kuti amodzi azima, afunsa ku Lilongwe, a ku Lilongwe afunsa a Nyirenda. Ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo a Nyirenda anandiuza mosabisa kuti yachiwiri sikhala yochenjeza. Kuyambira tsikulo sindinazimitsenso kanthu mu kontenamo popanda mawu awo.

Kunena zoona, lamulo limeneli silinandivute kulimva. Bambo anga anali mlovi, wokoka nawo ukonde wa chilimira wa munthu wina. Pachilimira pamakhala siginala, bambo wa m'bwato wa nyali amene amayang'ana nsomba, ndipo ukonde sukokedwa iye asananene, ngakhale nsomba uzizione ndi maso ako. Ukonde wa mwini ukakodwa pamwala, mlovi saudula. Amadikira mwini wake, ngakhale dzuwa limutulukire ali pamadzi. Wodula yekha amatsala pamtunda, ndipo doko lonse limadziwa chifukwa chake. Ndinakulira mmenemo. A Nyirenda ndinawatenga ngati siginala wanga.

Zinandichitikira mu Januwale, nyanja atangoitsegula. Mvula inagwa masiku atatu osapumira, dzuwa osaoneka. Lachinayi madzulo kunachita ziphaliwali, netiweki n'kuchoka m'dera lonse. Madzi anakokolola mlatho wa pamsewu wopita kuboma, moti lole yotenga nsomba sinafike. Koma Lachisanu m'mamawa maboti anabwera odzaza, utaka ndi chambo, zoti padoko anali asanazione chaka chimenecho. Amayi anagula mosaopa. Kale nsomba zambiri za nthawi ya mvula ankaziopa, chifukwa pathandala siziuma ndipo nkhuni zowambira zimakhala zonyowa. Tsopano kunali ayisi, kunali chipinda chozizira, ndipo boti lalikulu linali litalonjeza kudzazitenga Loweruka masana. Abiti Kasimu anathira mpamba wawo wonse, nalimbikitsanso anzawo a m'gulu kuti asasiye nsomba.

Ine ndinafika kuntchito cha m'ma seveni. Ndili kutali ndinamva kuti zinthu sizili bwino. Kumwamba kunali bii, koma chigayo chosagaya chinkalira ngati masana a Okutobala. Makina onse makumi awiri ndi anayi anali akuyenda. Nditatsegula laputopu ndinapeza kuti kabokosi kolamulira kauma, kanangotsala pa lamulo lomaliza limene kanalandira netiweki isanachoke. Mapanelo sankabweretsa kanthu kooneka. Makinawo ankadya m'mabatire, magetsi amene anayenera kusungira mudzi ndi doko. Mabatire anali pa 60 peresenti.

Ndinadina batani loyambitsanso kabokosiko katatu, chifukwa limenelo ndinali nalo chilolezo. Kanayaka, kanafufuza netiweki, kanaisowa, n'kubwerera pomwe paja. Ndinaimbira a Nyirenda ndikudziwa kuti foni siilowa. Ndinathamangira kuphiri la kuseri kwa sukulu, kumene netiweki imagwira ikavuta kumunsi, ndikuterereka m'matope ndi nsapato zolemera zija. Pamwamba foni inangogwira netiweki ya ku Mozambiki, imene khadi yanga siinkaidziwa. Potsika ndinalemba kakalata n'kupatsa bambo wina wa njinga yamoto kuti akaimbe foni kulikonse kumene angaipeze netiweki. Anabwerera pasanathe ola, matope mpaka m'mawondo, ati mtsinje wadzaza, ngakhale ng'ombe siingawoloke.

Cha m'ma naini mabatire anafika pa 50, ndipo mainveta anachita zimene anauzidwa kalekale. Magetsi akachepa, amayamba adula waya wolemera, kuti nyumba za anthu zisakhale mumdima. Waya wolemerawo unali wa kudoko. Kontena sinali pamndandanda wa zodulidwa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pofika pamenepo kabokosi kadzakhala kataizimitsa kale. Makina a ayisi anaima, chipinda chozizira chinaima, koma chigayo chinapitiriza kulira, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kudoko.

Sipanatenge nthawi, amayi anakwera. Anaima kumpanda, mabeseni opanda kanthu m'manja, mvula ikuwanyowetsa. Mayi Esitere, amene mawu awo amamveka kuchokera kumsika mpaka kutchalitchi, anagwira waya wa mpanda ndi manja onse.

"Iwe Patuma! Akuti magetsi atha. Nanga ichi chikulira ndi madzi? Zimitsa chigayo chakocho, nsomba zathu zikufewa!"

Ndinawauza kuti ndikuyesa kupeza abwana. Anaseka moipa, ati abwanawo adzadya nsomba zowola ndi ife kodi. Kenako Abiti Kasimu anafika, atafunda chitenje pamwamba pa mpango, ndipo ndinawatsegulira geti okha. Ndinawatengera pachitseko cha kontena n'kuwaonetsa chogwirira. Pulayazi inali m'thumba la ovolosi, ndinkaimva kulemera kwake pantchafu. Ndinachita kukuwa kuti andimve.

"Amayi, ndikadula kawaya aka n'kutsitsa ichi, ayisi abwerera. Mabatire akadali ndi mphamvu yofika mawa. Ndidule?"

Anakayang'ana kawayako nthawi yaitali, anakagwira ndi chala, natembenuza kachidindo.

"Mwini wake anati chiyani?"

"Anati ndisakhudze."

"Ndiye ukundifunsiranji ine? Chinthu ndi cha eni, mwanangu. Ndinakuimira pamaso pa anthu. Mawa adzati mwana wa Abiti Kasimu anathyola chidindo cha kampani, ntchito yathera pomwepo, ndipo akadzanyamula makina awo a ayisi adzati chifukwa cha ife."

"Nsomba zanu ziwola, amayi."

"Mwini Mulungu akudziwa. Pita ukayesenso foni."

Anatuluka n'kukaima pageti, nkhope kwa anzawo, msana kwa ine. Sindinamve zonse zimene anawauza, koma ndinaona mayi Esitere akutaya manja m'mwamba, gulu n'kuyamba kutsika. Ndinawakwiyira Abiti Kasimu. Koma ndisaname, pansi pa mkwiyowo mtima unatsika, chifukwa munthu wamkulu anali atandichotsera katunduyo m'manja. Zimenezi ndi zimene zimandichititsa manyazi kuposa zina zonse za tsikulo.

Ndinakweranso phiri kawiri. Pakati pa maulendowo ndinkakhala pa ndowa yovundikira mu kanyumba ka mabatire, kuyang'ana manambala akutsika, 45, 41, 38. Sukulu yonse ya zamagetsi inali m'mutu mwanga, ndinkadziwa waya uliwonse kumene ukuchokera ndi kumene ukupita, koma ndinangokhala ngati mlendo pamaliro a eni. Nthawi ina ndinatulutsa pulayazi, kuiyika pakawaya, kenako kuibweza m'thumba. Ndinkadziuza kuti netiweki ibwera tsopano lino, kuti ndikadula ndiye ibwera mphindi yotsatira, ndidzakhala nditataya ntchito pachabe.

Kudoko madzi a ayisi anali atayamba kutuluka pansi pa chitseko cha chipinda chozizira. Ena anayesa kuwamba, nkhuni zinangofuka utsi woyera osagwira moto. Mchere unatha m'magolosale onse atatu. Masana mayi Esitere anabweranso ndi anzawo anayi, atasenza utaka, ati ngati chigayocho sichizima ndiye chiwaumitsire nsomba. Lamulo ilo lokha ndinaliphwanya. Tinayala mawaya a thandala kuseri kwa kontena, kumene kunkatulukira mpweya wotentha, n'kumwaza utaka. Mpweyawo unali wotentha koma wachinyezi. Nsomba sizinaume, zinangofewa ngati zofutsa theka, ntchentche n'kubwera ngakhale kunali mvula. Tinaima pamenepo tonse asanu ndi mmodzi, thukuta ndi mvula zikusakanikirana, tikuwotha magetsi omwewo amene akanaumba ayisi.

Adhana yoitanira anthu ku mapemphero a Ijumaa inamveka bwinobwino pamkuzamawu wa kumzikiti, chifukwa waya wa m'mudzi unali udakali ndi moto. Itakwana hafu pasiti thu mabatire anafika pa 20, pamene amadziteteza okha, ndipo zonse zinazima kamodzi, mudzi, kontena, laputopu kutsala ndi batire lake. Mafani anazungulira pang'ono n'kuima. Kwa nthawi yoyamba ndinamva mvula ikugwa padenga la kontena. Kawaya kanali pomwepo, kosadulidwa, koma tsopano ngakhale ndikanadula panalibenso choti ndipulumutse. Mabatire anali opanda kanthu, kumwamba kuli bii, ndipo ayisi saumbika ndi magetsi a ola limodzi.

Boti linafikadi Loweruka masana. Linabwerera ndi mabeseni ochepa a nsomba zimene zinagwira mchere. Zotsala anazikwirira m'dzenje kuseri kwa doko, ndipo ndinakathandiza kukumba, chifukwa sindikanatha kukhala kunyumba. Palibe anandilankhula. Abiti Kasimu anakhuthula mabeseni awo okha, limodzi limodzi, chambo chachikulu chotupa mimba, kenako anakawatsuka kunyanja ndi mchenga ngati tsiku lina lililonse.

Netiweki inabwera Lamulungu. Foni yoyamba inali ya a Nyirenda. Ndinawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, maola ndi manambala, monga anandiphunzitsira. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi.

"Bwanji osangozimitsa?"

"Munati ndisakhudze."

"Aaa, a Patuma. Ine ndimanena masiku abwinobwino. Ubwino wa makinawa ndi womwewo, amazima nthawi ina iliyonse ndipo sawonongeka. N'chifukwa chake tinaika amenewa. Kawaya kaja n'kongoti ndizidziwa ngati munthu wagwirapo. Palibe akanakudzudzulani."

Sindikumbuka chimene ndinayankha. Ndikumbuka kuti ndinakhala pansi pamatope, ovolosi ndi yonse, foni ili kukhutu. Kaya n'zoona kuti palibe akanandidzudzula, sindidziwa, poti kalata yochenjeza ija inali idakali m'chikwama changa. Koma ananena ndi mawu a munthu wodabwa zenizeni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

A Nyirenda sanali munthu woipa. Sabata yotsatira anabwera pa boti, anakonza kabokosi kuti netiweki ikachoka kazizimitsa makina kokha, anaika kontena pamwamba pa mndandanda wa zodulidwa, nalemba pepala n'kumata pachitseko, lonena kuti wosamalira malo ali ndi chilolezo chotsitsa chogwirira mabatire akafika pa 70 kulibe dzuwa. Atamaliza anapapasa m'matumba n'kundipempha pulayazi. Anangoti thwe, kawaya kagwa pansi. Ndinakatola iwo atatembenuka. Kampani inapepesa kwa amayi a gulu ndipo inawapatsa ayisi waulere mwezi wathunthu, koma ambiri a iwo analibenso nsomba zoti amuthirepo.

Ndinagwira pamalopo chaka china ndi theka, ndipo chogwiriracho ndinachitsitsa kanayi osafunsa munthu. Pano ndimalumikiza magetsi m'nyumba ndi m'masitolo kuboma ku Mangochi. Kulikonse kumene ndalembedwa, ndisanatsegule bokosi la zida, ndimafunsa mafunso awiri: chozimitsira chili pati, ndipo zinthu zikavuta inu kulibe, ndani ali ndi chilolezo chochigwira? Ndimafuna yankho lake papepala. Mabwana ena amaseka, ati mayi uyu ndi wovuta. Ndimawasiya aseke, koma sindiyamba ntchito asanalembe. Kawaya kaja kali m'bokosi momwemo, m'kabotolo ka misomali.

Abiti Kasimu sanabwererenso pa geni yawo. Upampando anausiya okha. Masiku ano amakhala padoko ndi mpeni, kutumbula nsomba za amayi ena, pamalo pomwe ndinkakhala ine ndisanalembedwe ntchito. Ndikapita kukawaona amandionetsa kwa alendo, ati uyu ndi mwana wathu wa zamagetsi, wokhulupirika, tsiku lija doko lonse linamukuwiza koma cha eni sanachikhudze. Pepala la pachitseko lija amakhulupirira kuti ndi lamulo latsopano limene kampani inapanga chifukwa cha nsomba zawo. Amadziwa kuti anataya mpamba wawo kuti ine ndisataye ntchito, ndipo akamanena zimenezi amawongola msana.

Zimene a Nyirenda anandiuza pafoni Lamulungu lija sindinawauze mpaka lero, ndipo sindidzawauza.